Enos ndi Kabawi Wokhuta

Ku Mponela kuli mtundu wa anthu omwe satha kumeza chakudya wina akuwayang'ana, ndipo tcheyamani wawo ndi Enos. Musati ndi ulemu chabe, ndi matenda. Tsiku lina anagula chimanga chootcha chimodzi pokwera minibasi ya ku Lilongwe. Pofika pa Lumbadzi aliyense anali atalumako, kondakitala yemwe, ngakhale nkhuku ya eni yomwe inali pansi pa mpando. Iye anatsika ndi chitsononkho m'manja, akugeya ngati wochokera ku ukwati.

Ku Dubai anapita ngati mlonda. Anamuika pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Jebel Ali, kudoko kuja komwe makontena amasanjikizana mpaka mitambo imachita kupempha njira. Eni nyumbayo ankasunga amphaka oti azigwira makoswe. Koma Enos akangovundukula kambale kake masana, amphaka n'kukhala momuzungulira, maso ali pa iye, mtima wa mwana wa ku Mponela unkasungunuka ngati majarini padzuwa. Posakhalitsa amphakawo ananenepa moti ankayenda motsamirana, ndipo makoswe ankabwera kudzagona pamimba zawo ngati pa matiresi. Kapitawo wake anali munthu wachifundo. Sanamuchotse ntchito, anangomulozera kwa mdala wina wa komweko, dzina lake Obaid, yemwe ankafuna wantchito wa mtima wabwino pa ziweto. Za makoswe ogona pa matiresi kapitawoyo sanatchuleko.

A Obaid anali ndi kakampani kotengera alendo kosaka m'chipululu. Anali nkhalamba yoonda, ya ndevu zoyera, ya maso otsinzinira ngati munthu amene wakhala akuyang'anizana ndi dzuwa kuyambira ali kumsana. Makolo awo ankasaka kuti adye. Iwo ankasaka kuti alendo aone mmene makolowo ankachitira.

Tsono iwalani uzimba womwe mukuudziwa, wa zibonga, agalu a nkhupakupa ndi moto woyatsira mbewa imodzi womwe umakathera padenga la aphunzitsi. Uzimba womwe Enos anaupeza uli ndi tsiku lotsegulira ndi tsiku lotsekera, ngati sukulu. Umayamba kunja kukazizira, dzuwa la kumeneko likayamba kuchitako manyazi, n'kutha kusanatenthenso. Uli ndi malo ake, ndipo kampani yotengera alendo kumalowo imayenera kukhala ndi chilolezo. Mfuti ayi. Msampha ayi. Galimoto imatsala pachipata, anthu n'kukwera ngamila. Nyama yake ndi mbalame yotchedwa hubara, yomwe mungati ndi nkhanga yochapa mawanga n'kuvala mtundu wa mchenga, ndipo a gemu amakuuziranitu kuti lero mupha zingati. Zambiri amachita kuziweta n'kuzimasula, iliyonse ndi mphete kumwendo ngati yatomeredwa. Dzuwa likalowa, aliyense atuluke. Dziko lopanda mtsinje, lopanda thengo, koma likusamala mbalame zake ngati ana a sukulu ya mkaka!

Mlenje wake weniweni si munthu ayi. Ndi kabawi.

Inde, kabawi yemweyu, mbava ya anapiye, yemwe kwathu akangodutsa mudzi wonse umakuwa, amayi n'kuponya zipande m'mwamba. Kumeneko kabawi ali ndi pasipoti yakeyake. Pandege sakwera ndi katundu, amakhala momwe mukhala anthu. Ali ndi chipatala chake, ndipo nthenga ikathyoka adokotala amatsegula dirowa, kusankha ina yofanana nayo, n'kulumikiza. Enos atauzidwa zimenezi anayamba wakhala pansi. Iye pasipoti anaidikirira mpaka chithunzi chake chinamera imvi, koma apa panali mbalame yoti yaona mayiko ambiri kuposa nduna.

A Obaid anali ndi akabawi angapo, koma wamkulu wa onse anali wamkazi, dzina lake Shamma. Tsiku loyamba, mdalayo atavula kachipewa kachikopa komwe amaphimbira maso a mbalameyo, Enos anabwerera m'mbuyo. Chifuwa choyera mbee, timadontho takuda ngati wina wawazapo inki, zikhadabo zoti zikhoza kutsegula chitini cha nsomba. Koma maso! Akuda bii, aakulu, osaphethira, maso oti akakuyang'ana umakumbukira machimo ako onse, ngakhale omwe sunachite. Kuyambira pomwepo Enos sanathe kuitchula mbalameyo kuti iwe. Anali a Shamma, ndipo m'mawa ankawapatsa moni atanyonyomala pang'ono.

Ntchito yake inali kusesa chipinda cha akabawi, kuduladula zinziri zomwe amadya, kukoka ngamila ndi kuthirira alendo khofi. Lamulo lalikulu linali limodzi. M'mawa uliwonse a Obaid ankaika kabawi aliyense pasikelo, n'kunena okha kuti lero adye chochuluka bwanji.

"Tamvera, ya Malawi," anatero, poti umu ndi mmene ankamuitanira. "Galu amabwera kwa iwe chifukwa amakukonda. Kabawi sakonda munthu. Ukamuulutsa, palibe chingwe chomukoka koma njala yake. Njala ikakhalapo, amasaka n'kubwerera padzanja. Akakhuta, chingwe chaduka, khalas, zatha. Wamva?"

"Ndamva, baba," anatero Enos. Ndipo anamvadi, ndi makutu. Mtima unali utatuluka kaye panja.

Tsiku lake lopuma ankapita ku Al Rigga, dera lina la mumzinda, kukamwa tiyi wamkaka ndi mnzake Rogers, Mzambiya wa ku Chipata yemwe ankalonda naye ku Jebel Ali.

"Iwe mudala," anatero Rogers, "manje bwana wako ni nyoni, mbalame yeniyeni?"

"Usawatchule choncho, aise. Pasipoti yawo yayenda kuposa yako ndi yanga kuphatikiza."

"Yaba! Ndiye amadya chiyani abwanawo, pitsa?"

"Ndi pomwe pakundiwawa pamenepo." Enos anaonetsa nsonga ya chala. "Kachidutswa kotere. Munthu wokwera ndege, kudya ngati mwana wamasiye."

"Nanga galu wako wa ku Mponela unkamukhutitsa popita kosaka?"

"Galu ndi galu. Unaonapo galu wa pasipoti?"

"Ine nakuuza, uzabwerera ku Malawi na katundu m'jumbo. Amphaka aja mpaka lero sanachire. Wina tinachita kumunyamula pa fokolifiti."

Ndipo poti Rogers ankalankhula zonsezi akuyang'ana chapati cha Enos, chapaticho chinathera kwa Rogers.

Zinayamba ndi kachidutswa. A Obaid akamaliza kuyeza n'kutuluka, Enos ankakhala pakona kudya kadzutsa wake, ndipo a Shamma ankapendeketsa mutu n'kumuyang'ana. Chakudya chinkaima pakhosi. Iye n'kusuzumira pakhomo, n'kutenga kamwendo ka chinziri, n'kunong'oneza kuti, "Amayi, tangolawani, musanene." Mawa lake sikelo n'kukwera pang'ono. Mdalayo anaigogoda, anaipukuta, kenako anagula ina. Yatsopanoyo itanenanso zomwezo, anachepetsa gawo la mbalameyo. Enos ataona kuti gawo lachepa, chisoni chinakula, n'kuonjezera lake. Nyengo yonse ya uzimba inayenda choncho, a Shamma akusaka bwinobwino pakati pa dzanja lomana ndi dzanja lopatsa.

Linafika tsiku lotsekera. Mlendo wa tsikulo anali bambo wina wa ku Ulaya, wa chipewa chachikulu ngati lichero, yemwe anawoloka nyanja kudzaona a Shamma akugwira hubara. Anafika pachipata cha malo osakira kum'mawa kutangofiira. A Obaid anayeza mbalame yawo, anaipereka kwa Enos, n'kupita ndi mlendoyo kukaonana ndi wa gemu. Enos anakhala kuseri kwa galimoto ndi chapati chake cha dzira, ndipo anavula a Shamma kachipewa kuti nawonso aone kukongola kwa dziko.

Iwo dziko sanalione. Anaona chapati.

Apa Enos anaganiza ngati mwana wa m'boma la Dowa. Ngakhale pa esiteti ya fodya, tsiku lomaliza ntchito bwana amapha mbuzi. Mayi awa agwira ntchito nyengo yonse osadandaula, lero atseke ndi njala? Anatsegula bokosi lozizira n'kutulutsa chinziri chathunthu. Chinalowa. Anatulutsa china. Chinalowanso, mafupa ndi nthenga zomwe. Pomaliza, chithokomiro cha a Shamma chinali chitatupa ngati mpira. Enos ataona mpira umenewo pakhosi pa mbalame, mawu a mdala aja anatsika kuchoka m'makutu n'kufika mumtima, koma anafika mochedwa. Anawaveka kachipewa, n'kuyenda kumbuyo kwa ngamila zonse, atawatchinga ndi phewa.

Chipululu m'mawa n'chinthu choti munthu avulire chipewa. Mapiri a mchenga ofiira mbali imodzi, akuda mbali inayo, mizere yosalala ngati Mulungu wangochotsapo kumene dzanja. Kuli zii, moti umamva ngamila ikuganiza. A Obaid anali patsogolo, maso pansi, kuwerenga timapazi ta mbalame pamchenga. Mwadzidzidzi anakweza dzanja. Osacheuka, analoza kuti mlendo apatsidwe kabawi, ndipo Enos anasamutsira a Shamma pagulovu yachikopa ya bamboyo.

Hubara inadzambatuka pachitsamba, phaphapha, mapiko oyera ndi akuda.

"Yalla! Fulumirani!" anakuwa a Obaid, n'kucheuka. Mlendo anali atasolola kale kachipewa. Mdalayo anaona chithokomiro chija, pakamwa n'kutseguka kuti aletse, koma dzanja la mlendo linali litaponya kale.

A Shamma anaiyang'ana hubara ija ngati mmene munthu wochokera ku phwando amayang'anira chinangwa chozizira. Anaisiya ipite. Kenako anayamba kukwera.

Nyengo yonseyi Enos ankawaona akuuluka chapansipansi, molunjika, ngati munthu wothamangira basi ya kampani. Sanadziwe kuti ameneyo anali kabawi wa pantchito. Uyu wa lero anali wina. Anatambasula mapiko, n'kutsamira mphepo, n'kuzungulira, kuzungulira, osakupiza n'komwe, kumangokwera ngati pali makwerero omwe iwo okha akuwaona. Anachepa ngati njiwa, ngati ntchentche, ngati kambewu ka mawere, kenako thambo linawameza. Anthu onse makosi m'mwamba. Chipewa cha mlendo chinagwa, osachitola. Ngakhale ngamila zinasiya kubzikula.

Ndiye kunamveka phokoso ngati wina akung'amba chitenje chatsopano kuchokera kumwamba mpaka pansi. Kadontho kanaoneka, kakugwa, mapiko atapindidwa, mwala wamoyo. Enos anagwira mutu, anati aphwanyika. Atatsala pang'ono kukhudza mchenga anatembenuka, fumbi n'kudzuka pomwe sanaponde, n'kubwereranso kumwamba ndi liwiro lomwelo. Panalibe chomwe ankathamangitsa. Ankangosewera. Anachitanso, n'kuchitanso, ndipo Enos anapezeka atagwada pamchenga osadziwa kuti wagwada nthawi yanji.

"Mashallah," ananong'ona a Obaid potamanda Mulungu, maso atanyowa. Anali ndi zaka zambiri akusunga akabawi anjala, ndipo zotere anaziona komaliza ali mwana. Panapita kanthawi asanakumbuke kuti ayenera kukwiya.

Chomwe chinawakumbutsa ndi waya. A Shamma atatopa ndi masewera anatsetsereka ndi mphepo, n'kudutsa pamwamba pa mpanda wa waya womwe unali kumalire, n'kukatera kutali, pamtengo wina wokhawokha. Tsidya la mpandawo n'komwe hubara zimaswanirana. Kumeneko sikusakidwa, kaya nyengo yatsegulidwa kaya yatsekedwa.

Wa gemu anafika posachedwa. Anali bambo wa yunifolomu yositidwa moti ukhoza kudzicheka nayo, waulemu woopsa. Anapereka moni kwa aliyense, anafunsa za umoyo wa a Obaid, wa ana awo, wa ngamila zawo, kenako anati:

"Bambo Obaid, lamulo mukulidziwa kuposa ine. Kuuluka si mlandu. Koma mbalame yanu ikapha kanthu m'katimo, ndiye kuti kampani yanu yasaka malo oletsedwa. Chilolezo chanu ndidzachitenga. Ndidzachilandira ndi manja awiri, koma ndidzachitenga."

Popanda chilolezo panalibe kampani, ndipo pamsinkhu wa a Obaid panalibenso zoti n'kudzayambiranso. Vuto linali loti a Shamma ali okhuta sakanabwera, ndipo akamva njala akanapeza chakudya chikuyendayenda pansi pa mtengo wawo.

Masana onse mdalayo anaima pawaya akuzunguza nyambo yake ya nthenga pachingwe, akuitana mpaka mawu anasasa. Pa magalasi oonera patali a Shamma ankaoneka akupesa nthenga zawo ngati mayi wokonzekera kutchalitchi. Mlendo anabwerera kuhotela wopanda hubara, koma akulankhula yekha ngati waona masomphenya. Dzuwa linalowa, nyengo ya uzimba n'kutha nalo. Wa gemu anati mawa m'bandakucha adzalola munthu mmodzi kulowa, wapansi, wopanda nyambo ya nthenga poti chimenecho n'chida chosakira, nyama yokha m'manja, iye mwini ali pambuyo pake.

Atatuluka pachipata, a Obaid anaimitsa galimoto, osazimitsa injini.

"Ya Malawi. Zingati?"

"Ziwiri, baba."

"Lero lokha?"

Enos anayang'ana mapazi ake. "Tizidutswa tokha, baba. Kuyambira pomwe ndinabwera."

"Ndinataya sikelo yabwinobwino chifukwa cha iwe." Mdalayo anapuma mozama. "Chabwino. Upita ndiwe. Ine akandiona amaona ntchito. Iwe akakuona amaona chakudya. Koma tamvetsa, habibi, mwana wanga, ndipo lero umve ndi chilichonse chomwe uli nacho. Ukafika, usamupatse."

"Baba?"

"Kabawi ndi wakuba. Chomwe ukumupatsa amati chidikira, ayambe wagwira chomwe chikuthawa. Koma chomwe wina akudya yekha, akubisa, chimenecho sapirira nacho. Ukakhale pansi, umufulatire, ufungatire chinziricho, uzidya. Aone kuti ukumumana."

"Ndidye, iwo akuyang'ana?"

"Eya."

"Osawauza n'komwe kuti tiyeni?"

"Ukangotsegula pakamwa kuti tiyeni, ndikutumiza kwanu pa ngamila."

Kutacha, wa gemu anatsegula kachipata ka pawaya. A Obaid anatsala pomwepo, zala zitakola waya. Enos analowa, gulovu kumanzere, chinziri chozizira m'dzanja, wa gemu akuponda momwe iye waponda.

M'katimo munali hubara ngati nkhuku za pamsika. Poti sizinathamangitsidwepo, zinkangoyenda mwaulemu, kutola tizilombo, zina kuima n'kumuyang'ana Enos ngati zimufunse kwawo. Iye anakweza dzanja kuti aziingitse zithawire kutali.

"Ayi," anatero wa gemu chapansipansi. "Kuthamangitsa n'kusaka komwe."

Anayenda mpaka mtengo uja unayandikira. A Shamma anali pansonga, ndipo sanalinso mayi wa dzulo wopesa nthenga. Chithokomiro chinali chitaphwa, nthenga zitamatirira thupi, mutu ukugwedera mmwamba ndi pansi ngati munthu woyeza mtunda. Njala inali itabwerera.

Ndiye taonani tsoka. Iyi inali nyengo yomwe atambala a hubara amafunsira. Tambala wina anatulukira kuseri kwa chitsamba, anatukumula nthenga zoyera za pakhosi, anaziponya m'mbuyo mpaka zinaphimba mutu wonse, n'kuyamba kuthamanga mozungulira osaona komwe akupita, ngati mtolo wa thonje womera miyendo. Chinali chinthu chokongola moti wa gemu anamwetulira. Koma m'chipululu chachikulu chonsecho, chitsiru chachikondichi chinasankha kuvinira pansi pa mtengo wa a Shamma.

Malangizo onse anauluka m'mutu mwa Enos. Anatambasula dzanja, chinziri chili poyera. "Amayi! Nachi! Tabwerani!"

A Shamma anamuyang'ana kamodzi, ngati akuti ndakuona, sunga, ndikubwera, n'kubwezera maso kwa wovina uja. Kenako anadzigwetsa panthambi, anakupiza mapiko, n'kuyamba kukwera. Uku sikunali kukwera kwa masewera. Ankafuna mtunda woti agwere pansi ndi mphamvu. Wa gemu anatulutsa foni yake mwakachetechete n'kuilozetsa kwa tambalayo, kuti chochitikacho chikhale ndi umboni.

Enos anakhala pansi. Anafulatira. Anawerama, n'kufungatira chinziricho ndi mapewa onse ngati mwana womana. Anayamba kuchisosola, nthenga n'kumauluka ndi mphepo kuti zioneke kumwamba. Kenako anatseka maso n'kuluma.

Chinziri chachiwisi cha m'firiji si chakudya choti munthu n'kuchiyamikira. Koma chomwe chinamuliza Enos si kukoma kwake. M'moyo wake wonse anali asanatafunepo kanthu wanjala akumuyang'ana. Khosi linakana, iye analikakamiza. Anatafuna mokweza, akuchita kumvekera nyamu nyamu, misozi ikugwera pagulovu. Akuti ku Mponela m'mawa umenewo anthu a mtundu wake onse anatsamwa tiyi nthawi imodzi.

Kunali zii. Kumbuyo kwake ankamva timapazi ta tambala uja, tswa tswa tswa pamchenga. Anafunitsitsa kucheuka, koma analumanso.

Kenako chitenje chija chinayamba kung'ambika kumwamba.

Phokosolo linkakula, ndipo munthu wofulatira sakanadziwa kuti likupita kwa yani. Enos anakumbatira chinziri chake n'kuyamba Atate Wathu, koma sanafike ngakhale pa dzina lanu liyeretsedwe. Chinthu chinamuomba paphewa ngati thumba la simenti logwa pa lole. Anagubuduzika, mchenga m'kamwa, khutu likuyaka moto. Atatsegula maso, a Shamma anali pagulovu yake, zikhadabo zitazama m'chinziri, mapiko atatambasulidwa kuphimba chomwe alanda, akumuyang'ana ndi ukali wa munthu amene wagwira mnzake akudya mobisa. Pang'onopang'ono Enos anapititsa zala n'kugwira timalamba ta kumiyendo kwawo.

Tambala uja anali akuvinabe. Sanadziwe chilichonse, ndipo mwina mpaka lero amauza anzake kuti tsiku limenelo kunali bata.

Wa gemu anabweza foni m'thumba. Anayang'ana tambalayo, anayang'ana kumwamba komwe mbalameyo inachokera, n'kupukusa mutu ngati munthu wotuluka m'pemphero. Kenako anapatsa Enos kansalu kopukutira magazi a kukhutu.

"M'malo muno simunafe kanthu," anatero. "Chinziricho chinabwera chakufa kale. Koma bwanawe, chotsa nthenga pamlomo tisanafike kwa mdala."

Pawaya, a Obaid analandira mbalame yawo. Anaisisita pachifuwa, anaiona mapiko nthenga imodziimodzi, anaiveka kachipewa. Chilolezo chinatsala m'thumba mwawo. Ulendo wonse wobwerera mumzinda sanamuyang'ane Enos, ndipo Enos atafika analongedza katundu wake, n'kukhala pabedi kudikira mawu.

Mawuwo anabwera m'mawa mwake, ndipo anali oti atenge jekete.

Anthu inu, uzimba ukatsekedwa akabawi sagwira ntchito. Amawaika m'chipinda chachikulu chozizira ndi eyakoni kuti athothoke nthenga zakale n'kumera zatsopano, ndipo kuti nthengazo zimere zolimba, mbalame imayenera kudya mpaka kukana yokha. A Obaid anatsegula chitseko cha chipindacho, anatsegula firiji yodzaza zinziri mpaka pakamwa, n'kuloza.

"Miyezi yotentha yonse, ufumu ndi wako. Adyetse mpaka akuthawe."

Enos anaima pakhomopo ngati munthu amene wafa n'kupeza kuti kumwamba kulikodi. Kuyambira chaka chimenecho, nthawi yomwe Dubai yense akuwira, phula likusungunuka mumsewu, mwana wa ku Mponela amakhala m'jekete, mbale m'manja, akuyenda kuchoka kwa kabawi uyu kupita kwa uyo. Nthenga za mbalame zake zimatuluka zonyezimira moti alenje ena amabwera kudzafunsa kuti mdalayo akuzipaka chiyani.

Koma kukangotsala pang'ono kuti uzimba utsegulidwe, nthawi yoti akabawi ayambe kuonda ndi kukumbutsidwa njala, a Obaid amamupatsa Enos tchuthi, afune asafune. Samutumiza pa basi kapena pa takisi. Amamunyamula okha pagalimoto yawo, ndipo sachoka pabwalo la ndege mpaka ataona ndi maso awo kuti ndegeyo yanyamukadi, Enos ali m'kati.